Kabokosi ka khungwa ndagula ku Maine, akuti kanalandidwa pa nkhondo: ndikatani?

Mayi wina wandilembera kuchokera ku Maine, ku America. Uthenga wake ndaudulako pang'ono koma mfundo zake ndi izi:

"Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno, chaka chachinayi tsopano. Mwezi watha ndinagula kabokosi ka khungwa la mtengo pomwe amagulitsa katundu wa m'nyumba ya munthu wina amene anamwalira. Nkofiirira, kali ndi chivindikiro, ndipo m'mbali anajambulamo nyama ya moose ija, yonga gwape wamkulu kwambiri, ndi anthu awiri ali m'bwato. Wogulitsayo anandiuza kuti nka anthu a mtundu wa Abenaki ndipo makolo ake anakalanda pa nkhondo m'zaka za m'ma 1700. Chimvereni zimenezo mtima wanga sukukhazikika, kodi sindikusunga chinthu cha magazi m'nyumba? Chinanso kayamba kung'aluka pakona, ndipake mafuta? Mwana wanganso akuti kusukulu anawerenga zoti anthu amenewa ankaotcha midzi ndi kuba ana a azungu. Zoona zake nziti?"

Zikomo achemwali polemba, ndipo choyamba mtima m'malo. Ndatha zaka zoposa 15 ndikukonza ndi kusamala zinthu zakale m'mamyuziyamu a chigawo chomwe mukukhalacho, ndipo nkhani yoti "makolo athu anakalanda pa nkhondo" ndaimva kambirimbiri. Tikafufuza bwino, nthawi zambiri timapeza kuti chinthucho chinagulidwa ndi ndalama, dzuwa likuswa mtengo, kwa munthu amene anachipanga ndi cholinga choti agulitse. Mabanja amaiwala, kenaka mdzukulu amaonjezerapo zaka 100 ndi mfuti, nkhani nkukhazikika choncho. Sindinakaone kabokosi kanuko, koma mmene mwakafotokozeramo ndikuganiza kwambiri kuti nka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1900. Zinthu za khungwa za m'ma 1700 zomwe zatsala nzochepa zedi, ndipo zojambula zake kawirikawiri zimakhala mizere yopindika iwiri yoyang'anizana, osati nyama ndi anthu ali pa ulendo. Zithunzi zofotokoza nkhani ngati zanuzo zinatchuka nthawi imene alendo olemera anayamba kubwera kudzapuma m'mphepete mwa nyanja ya Maine.

Chinanso, dzina loti Abenaki anthu amangoliponya paliponse. Abenaki ndi mtundu umodzi mwa mitundu isanu ya Wabanaki, kutanthauza anthu a kotulukira dzuwa: Abenaki, Penobscot, Passamaquoddy, Maliseet ndi Mi'kmaq. Midzi yawo ikuluikulu ya Abenaki lero ndi Odanak ndi Wôlinak ku Quebec, m'dziko la Canada, pomwe dziko la makolo awo, lomwe amalitcha Ndakinna, linafika ku Vermont, New Hampshire ndi kumadzulo kwa Maine. Kanthu kogulidwa ku Maine kakhoza kukhala ka Penobscot kapena Passamaquoddy mosavuta. Sizikuchotsa kufunika kwake, ndi abale ndipo luso lake ndi limodzi.

Ndiye tiyeni tikambe za khungwalo, chifukwa mukalimvetsa mumvetsanso za nkhondozo. Mtengo wake ndi birch woyera uja mumauona m'mbali mwa misewu, khungwa lake likusupuka ngati pepala. Pa chiAbenaki khungwali amati maskwa. Lili ndi mafuta ake achilengedwe otchedwa betulin omwe amaliteteza ku madzi ndi kuwola, nchifukwa chake mukayenda m'nkhalango mutha kupeza mtengo wogwa mkati monse mutafumbwa koma khungwa lili bwinobwino ngati paipi. Ife amene tinakula tikuona agogo akusenda luzi ku mombo kapena kupanga mng'oma wa njuchi ndi khungwa, sitingadabwe kuti munthu angakhale ndi moyo podalira makungwa. Koma anzathuwa anafika nalo patali: denga la nyumba, ziwiya zotungira madzi ndi kutchera madzi a mtengo wa maple, mosungira chakudya, muuni wowedzera usiku, lipenga loitanira moose, ngakhale kalata. Munthu amalemba zizindikiro pa kachidutswa ka khungwa nkukasiya pa mphambano ya mtsinje kuti obwera m'mbuyo adziwe kuti tadutsa angati, talowera kuti, tibwerako liti.

Ndinakhalapo ndi mwayi woperekeza mmisiri wina kokasenda khungwa chakumapeto kwa Juni. Tinayenda pafupifupi tsiku lonse, mitengo yambirimbiri akungoigwira nkuisiya, apa akuti ili ndi maso ambiri, apa akupinda kachidutswa nkuona kuti kakugawika, akuti ayi. Atapeza womwe anaufuna anayamba waima chete pang'ono nkuika fodya pansi pa mtengowo, kenaka anacheka mzere umodzi woongoka kuchokera m'mwamba kutsika, mpeni osalowetsa kwambiri. Atangolowetsa zala khungwa linachoka lokha ndi kaphokoso kakuti phwa, mkati muli chinyezi, mwachikasu ngati batala. Anandiuza kuti ukasenda la pamwamba lokha mtengo umachira ngakhale sudzayeranso ngati kale, koma ukadula la mkati kuzungulira thunthu ndiye wapha. Limenelo ndi khungwa la nyengo yotentha. Lanulo ndi lina, lomwe amasenda kunja kukuzizirabe, lovuta kuchotsa, ndipo limabwera ndi kachikopa kofiirira mkati. Mmisiri amalinyowetsa nkumapala kachikopako ndi nsonga ya mpeni mpaka kuwala kwa pansi kuonekere, ndiye moose wanuyo sanapentedwe ayi, anachita kupalidwa.

Pamwamba pa zonse pali bwato. Amayala khungwa pansi, mbali yoyera ili mkati, kuika chimango pamwamba nkutsindira ndi miyala, kenaka kupinda m'mbali akuthira madzi otentha ndi kukhoma zikhomo kuzungulira. Kusoka amasokera mizu ya spruce yong'ambidwa pakati, nthiti ndi timatabwa ta mkati amasema ku cedar, mtengo wopepuka wonunkhira ngati mkungudza, ndipo m'misoko amamata utomoni wa spruce wosakaniza ndi mafuta a nyama. Palibe msomali olo umodzi. Mu 1603 Mngelezi wina woyenda panyanja, Martin Pring, anatenga bwato limodzi lotere kupita nalo ku Bristol, lotalika pafupifupi mamita 5 koma kulemera kwake osapitirira makilogalamu 27. Taganizani, bwato loti munthu mmodzi alisenza pamutu kudutsa nalo pamtunda kuchoka mtsinje uwu kukalowa wina, likabooka ukonza pomwepo ndi zinthu za m'tchire momwemo. Dziko lonse lija ndi mitsinje yokhayokha, Kennebec, Saco, Merrimack, Connecticut, nyanja ya Champlain, kukafika ku St. Lawrence. Amene anali ndi bwato la khungwa ndiye anali ndi misewu. Atsamunda ndi maboti awo olemera amathera pa mathithi oyamba.

Tsopano funso la mwana wanu. Zomwe anawerengazo si bodza, ndipo sindikufuna kuti mumuuze kuti ndi bodza. Midzi ya atsamunda inaotchedwadi, anthu anaphedwa, ana anatengedwa. Pa 29 Febuluwale 1704 gulu la Afalansa pamodzi ndi Abenaki, anthu a mtundu wa Mohawk a ku Kahnawake ndi ena linagwera mudzi wa Deerfield ku Massachusetts m'bandakucha, anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndipo oposa 100 anayendetsedwa m'chipale chofewa ulendo wa ku Canada, ena nkufera panjira. Mu Ogasiti 1754 mayi Susanna Johnson anagwidwa ku Charlestown, New Hampshire ali ndi pakati potopa, anaberekera m'tchire tsiku lotsatira, mwanayo nkumutcha Captive. Zimenezi nzowawa ndipo zinachitika. Vuto la mabuku ambiri ndi loti nkhani amaiyambira pakati, pamene nkhwangwa yafika kale pachitseko, osanena chomwe chinabweretsa munthuyo pamenepo.

Bwererani m'mbuyo. Mu 1605 Mngelezi George Weymouth anaba amuna asanu pagombe la Maine kupita nawo ku England. Pakati pa 1616 ndi 1619 mliri wobwera ndi zombo unasesa midzi ya m'gombe, malo ena osatsala okwirira maliro. Kenaka atsamunda anayamba kuchuluka, ng'ombe zawo zikudya chimanga cha eni nthaka, maukonde ndi madamu awo akutseka nsomba zomwe zimakwera mitsinje chaka ndi chaka, ndipo mapepala a malo omwe eni ake amamva ngati chilolezo chokhalira limodzi, Angelezi amawatenga ngati agula mpaka muyaya. Pali nkhani imodzi yomwe imandikhudza nthawi zonse ndikaima pafupi ndi bwato la khungwa. Mu 1675 pa mtsinje wa Saco, amalinyero achingelezi anaona mkazi wa mfumu Squando ali m'bwato ndi khanda. Iwo anali atamva zoti ana a anthu amenewa amabadwa akudziwa kusambira ngati tiana ta nyama, ndiye anagubuduza bwatolo dala kuti aone. Mayiyo anamira pansi nkumuvuula mwana wake, koma patapita masiku ochepa khandalo linamwalira. Squando, amene anali pa mtendere ndi atsamunda, chaka chomwecho anatsogolera nkhondo pa Saco. Amene analemba nkhaniyi ndi Angelezi okhaokha a nthawi imeneyo. Mayi aliyense akhoza kumva zomwe zinali mumtima mwa banja lija.

Chaka chotsatira, mu Seputembala 1676, ku Cocheco komwe lero ndi Dover, mkulu wa atsamunda Richard Waldron anaitanira eni nthaka pafupifupi 400 ku masewera oyerekeza nkhondo, ndipo ali mkati mwa masewerawo anawazinga. Pafupifupi theka anatumizidwa ku Boston, ena ananyongedwa, ambiri anagulitsidwa ukapolo kunja. Abale awo anadikira zaka 13. Mu Juni 1689 analowa m'nyumba yake usiku namupha. Pakati apo panali pangano la ku Casco la 1678, lomwe limati banja lililonse la atsamunda lizipereka kadengu ka chimanga chaka chilichonse povomereza kuti nthaka ili ndi eni ake, koma silinasungidwe nthawi yaitali.

Kuyambira pamenepo mpaka 1760 nkhondo zinangotsatizana, zina zoyambira ku Ulaya pakati pa England ndi France nkudzagwera kuno, zina za kuno komwe. Abenaki anali pakati pa njovu ziwiri. Anatsamira kwa Afalansa chifukwa Afalansa anali ochepa, amafuna zikopa kuposa minda, ndipo ansembe awo amakhala m'midzi momwemo nkuphunzira chilankhulo, koma nawonso Afalansa amawagwiritsa ntchito ngati mpanda wotchinga Quebec. Mu 1713 pa pangano la Utrecht mafumu a ku Ulaya anagawana dziko eni ake osafunsidwa. Nkhondo ya 1722 mpaka 1725 inali ya malo basi. Mu Ogasiti 1724 asilikali a atsamunda pafupifupi 200 anakwera mtsinje wa Kennebec nkugwera mudzi wa Abenaki wa Norridgewock anthu osayembekezera, anapha anthu pafupifupi 80, ambiri akuwomberedwa pamene amathawa kuwoloka mtsinje, ndipo wansembe Sébastien Rale anafera pomwepo. Malo amenewa ali ku Maine komweko, pafupi ndi tauni ya Madison, mutha kupita ndi mwanayo. Muuzeninso kuti kusenda chikopa cha pamutu sikunali mbali imodzi yokha: mu Novembala 1755 Spencer Phips, wachiwiri kwa bwanamkubwa wa Massachusetts, analengeza kuti boma lipereka mapaundi 40 pa chikopa cha pamutu cha mwamuna wa Penobscot, ndi mapaundi 20 pa cha mkazi kapena mwana wamwamuna wosakwana zaka 12. Boma kuika mtengo pamutu pa mwana, cholembedwa ndi kusindikizidwa.

Za kutenga anthu, zifukwa zinali ziwiri: ena amawaombola ndi ndalama, ena amawalowetsa m'banja kulowa m'malo mwa omwe anafa ndi nkhondo ndi matenda. Sindikunena kuti zinali zabwino kwa mwana wochotsedwa kwa amake. Koma ambiri anakula ngati ana a pakhomo, ena anakana kubwerera, ndipo mfumu yodziwika ya ku Odanak, Joseph-Louis Gill, makolo ake onse awiri anali Angelezi ogwidwa ali ana.

Nkhani yomwe amaikonda kwambiri azungu ndi ya pa 4 Okutobala 1759, pamene Robert Rogers wa mbali ya Angelezi ndi asilikali ake anaotcha Odanak, yomwe iwo amaitcha St. Francis. Rogers analemba kuti wapha anthu 200 ndipo kwa zaka zambiri anthu amakhulupirira kuti mtunduwo unathera pomwepo. Afalansa omwe anafika pamalopo anawerenga mitembo pafupifupi 30, ambiri amayi ndi ana. Nanga enawo anapita kuti? Yankho linasungidwa pakamwa kwa zaka 200. Mu 1959 gogo wina wa ku Odanak, Elvine Obomsawin, anafotokozera wofufuza Gordon Day zomwe anamva kwa akulu ake: usiku umenewo m'mudzi munali gule, ndipo munthu wina wa m'gulu la Rogers, mwini nthaka mnzawo wa mtundu wina, anazemba nkuchenjeza mtsikana amene anatuluka panja, ndiye mabanja ambiri anatenga ana kukabisala kuchigwa kusanache. Nkhani ya agogoyi ikugwirizana ndi chiwerengero cha Afalansa kuposa lipoti la msilikali. Ine chiyambire kudziwa zimenezi ndinasiya kupeputsa mbiri ya pakamwa ndikamalemba za chinthu chilichonse chomwe chabwera patebulo langa.

Nkhondo zitatha malo anapita, nyama zinachepa, ndipo apa ndi pomwe kabokosi kanu kakulowera. Luso lomwe linawanyamula pothawa ndi pomenya nkhondo ndi lomwe linadzawadyetsa. Nyengo yotentha ikafika mabanja a ku Odanak amatsika kupita kumalo opumulira alendo kukagulitsa madengu ndi zinthu za khungwa. Joseph Laurent, mfumu ya ku Odanak, anatsegula msasa wotere ku Intervale, New Hampshire mu 1884, chaka chomwechonso anasindikiza buku la chilankhulo chawo. Ku Maine kunali misasa ku Bar Harbor, ndipo katswiri wa zojambula zopala pa khungwa anali Tomah Joseph wa Passamaquoddy, amene anabadwa mu 1837 nkumwalira mu 1914. Anapangira bwato Franklin Roosevelt, amene anadzakhala pulezidenti wa America, ali mnyamata ku chilumba cha Campobello, amakonda kujambula kadzidzi, ndipo pa zinthu zambiri amalembapo dzina lake ndi mawu oti mikwid hamin, kutanthauza mundikumbukire. Ndiye tembenuzani kabokosiko muone pansi ndi mkati mwa chivindikiro. Dzina, chaka, dzina la tauni, ulusi wakuda wa m'sitolo, udzu wonunkhira wosokerera m'mphepete, timisomali tating'ono tozungulira ta kufakitale, zonsezi zikuloza nthawi ya malondayi. Dziwaninso kuti anthu a mtundu wa Ojibwe a ku nyanja za Great Lakes, ndi anthu a ku Russia ndi Finland, nawonso amapanga zinthu za khungwa lomweli, ndiye pachithunzi chokha munthu asakutsimikizireni msanga.

Za mafuta, chonde musapake. Olo a kuphikira, olo polishi, olo vanishi. Bambo wina anandibweretserapo chiwiya chokongola chomwe anachipaka mafuta kuti chifewe, patatha zaka zingapo chinali chakuda, chonata, fumbi litamatirira, zojambula zosaonekanso, ndipo mafuta akalowa m'khungwa kuwachotsa onse nkosatheka. Musatsuke ndi madzi, musamate selotepu kapena guluu pong'alukapo. Chomwe chikung'amba ndi kuuma kwa m'nyumba za kumeneko nyengo yozizira hita ikamayaka usana ndi usiku: khungwa limafuna kupindika kubwerera mmene linalili, mizu yosokera yauma, ndiye china chimagonja. Kachotseni pawindo, pafupi ndi hita, kukhitchini, ndiponso musakaike m'chipinda cha pansi chonyowa chifukwa kachita chuku. Malo abwino ndi m'kabati ya chipinda chomwe mumakhalamo, kopanda dzuwa, chinyezi cha mumpweya chili chapakati, cha m'ma 45 mpaka 55 peresenti ngati muli ndi kopimira. Ponyamula gwirani pansi ndi manja awiri, osati pa chivindikiro kapena m'mphepete. Fumbi chotsani ndi kaburashi kofewa kopentera zithunzi. Musayese kuwongola pomwe papindika, pathyoka. Mukaona kaufa koyera pamwamba kakhoza kukhala betulin yemwe uja, koma osonkhanitsa zakale ena amathira mankhwala a poizoni ngati arsenic pothamangitsa tizilombo, ndiye musaikemo chakudya, ana asaseweretse, ndipo muzisamba m'manja mukakagwira.

Pofunika thandizo ndi apa. Mng'alu ukamakula, mizu ikamaduka motsatizana, kapena mukaona timabowo ndi kaufa konga utuchi pansi pake, kakulungeni m'pepala lofewa, ikani m'jumbo yotseka ndipo funani wokonza zinthu zakale amene anaphunzira ntchitoyi, osati kalipentala. Kuti mudziwe komwe kanachokera, tumizani zithunzi ku Abbe Museum ku Bar Harbor, Hudson Museum ku University of Maine ku Orono, kapena Musée des Abénakis ku Odanak, yomwe eni ake anaitsegula mu 1965. Mtengo wa ndalama sakuuzani, koma mtundu ndi nthawi akhoza kukuthandizani.

Ndipo ngati mutapeza kuti ndalakwitsa, mwachitsanzo banja lija litulutsa kalata yakale yosonyeza kuti kanalandidwadi, kapena mkati muli tsitsi la munthu, mafupa, dothi lofiira la kumanda, kaya zizindikiro zooneka kuti nza mapemphero, pamenepo musakagulitse ndipo musakaike pa Facebook. Lamulo la 1990 lotchedwa NAGPRA limakakamiza mamyuziyamu olandira ndalama za boma kubweza zinthu zotere, inu ngati munthu wamba silikukukakamizani chimodzimodzi, koma kugulitsa zotsalira za thupi la munthu ndi mlandu, ndipo chinthu cha kumanda malo ake si pa shelefu. Lemberani ofesi yoona za chikhalidwe ya Penobscot Nation ku Indian Island kapena ya Passamaquoddy, afotokozereni mmene munakapezera, iwo ndi amene anganene choyenera. Ndaonapo anthu akubweza zinthu mwa njira imeneyi ndipo amalandiridwa mwaulemu.

Pakadali pano, ngati nambala ya wogulitsa uja mukadali nayo, muimbireni mumufunse zinthu ziwiri: dzina la kholo lomwe akuti linalandalo, komanso komwe banja lawo linkapita kukapuma nyengo yotentha zaka 100 zapitazo. Zomwe akuuzeni mulembe pa pepala ndi pensulo, pamodzi ndi tsiku ndi malo omwe munagula, muzisunga limodzi ndi kabokosiko. Kenaka munditumizire zithunzi zitatu, cha pansi, cha msoko wa pakona pong'alukapo, ndi cha anthu awiri ali m'bwatowo.